Tsiku Limene Ndinapota Ufa wa Mzungu pa Ntchafu

Pali nkhani zina zimene munthu amafuna kupita nazo kumanda, koma anthu a m'mudzi mwake salola. Yangayi yakambidwa pamaliro, pamaukwati ndi pamowa kwa zaka zambiri, ndipo aliyense amaithira mchere wake. Ena amati ndinaluma mzungu. Ena amati ndinathawa ku Boma wopanda nsalu m'chiuno. Zonsezo ndi zabodza. Ndaganiza zoikamba ndekha ndikadali ndi mano awiri otsalawa, chifukwa zoona zake n'zochititsa manyazi mokwanira popanda kuwonjezera.

Nthawi imeneyo Boma la Mzimba linali lachilendo, nyumba za njerwa zili zowerengeka. Ife tinali titasamuka kuchokera mbali ya Kasungu n'kudzakhala kuno kumalire, pakati pa anthu olankhula Chitumbuka. Ndinakwatira mwana wa konkuno, NyaMoyo, ndipo chaka chimenecho anali woyembekezera mwana wathu woyamba. Chitumbuka ndinkachidziwa monga mlendo adziwira mudzi, njira yaikulu yokha. Ndinkatha kunena yewo, chomene ndi mbwenu, ndipo ndi mawu atatu amenewa ndinkadziyesa katswiri. (Ndinali ndi nzeru yangayanga yoti Chitumbuka ndi Chichewa chomwechi, kungoti eni ake amachipinda pakamwa. Nzeru imeneyi sindinaibwereke kwa munthu, choncho palibe woti ndimunamizire.)

Amuna a m'mudzi mwathu anali atapangana kuti akangokolola anyamuke wapansi kupita ku Halale kukafuna ntchito. Nsalu ndi mchere sizimera m'munda. Amene ankapita kumeneko ankatha zaka ziwiri kapena zitatu, ena osabwerako n'komwe. Ine ndinali m'gulu limenelo, koma mtima unkakana. Ndinkafuna kudzamva kulira koyamba kwa mwana wanga ndili pabwalo panga. NyaMoyo kawirikawiri ndinkamupeza ataima pamtondo, musi uli m'manja, osasinja. Chondipulumutsa chinali chimodzi chokha, kupeza ntchito yapafupi yoti ndizitha kubwera kumudzi.

Ndiye tsiku lina mesenjala wa ku Boma, wa chisoti chofiira, anaima pamudzi pathu kupempha madzi akumwa. Pocheza ndi madoda ananena m'Chitumbuka kuti sitolo yaikulu ya kampani ya azungu, imene inali itangotsegula nthambi ku Boma, ikufuna munthu mmodzi wothandiza kupanga chingwa. Ofuna ntchitoyo akafike Lachisanu m'mawa kuti akayesedwe.

A ku mpoto mwayamba kale kuseka. Enanu ndikuuzeni zimene ine sindinkadziwa: chingwa m'Chitumbuka ndi buledi. Khutu langa linamva chingwe, ndipo kakusiyana kakumapetoko ndinangoti ndi kupinda pakamwa kuja. Buledi ndinali ndisanamuonepo. Mawu oti mkate ndinkawamva m'buku ku kalasi ya tchalitchi, koma ndinali ndisanabatizidwe, moti wa pamgonero ndinkangouonera patali ukulowa m'kamwa mwa akulu a mpingo.

Mtima unadumpha. Pa zingwe panalibe wondiposa kuyambira kwathu mpaka ku Manyamula. Anthu ankabwera kudzandipempha zomangira ng'ombe, zotchera misampha, zolukira mabedi. Ndinaona kuti Mulungu wamva pemphero langa ndipo watuma mngelo wovala chisoti chofiira. Mesenjalayo sindinamufunse kanthu. Ndinaopa kuti anzanga angatchere khutu n'kundilanda mwayi, choncho ndinangoyang'ana kumbali ngati nkhaniyo sikundikhudza.

Kunyumba ndinakafotokoza nkhaniyo nditaimasulira kale m'Chichewa changa. Ndinauza NyaMoyo kuti azungu akufuna wopota zingwe. Iye anadabwa kuti mzungu, mwini waya ndi misomali, akufuniranji luzi la m'thengo. Ndinamuyankha kuti katundu yense wa m'sitolo amabwera pamitu pa amtengatenga, ndipo mtolo uliwonse umafuna chingwe. Yankho limeneli linamveka lanzeru mpaka ine mwini ndinalikhulupirira. NyaMoyo anaseka koyamba patapita masabata ambiri, n'kuyamba kundikazingira mtedza wa paulendo.

Tsiku lomwelo ndinapita kwa anzanga a ku Halale aja n'kuwauza kuti andichotse m'gulu, apite okha, akandiperekere moni kwa Mashona. Kenako ndinatha masiku atatu ndikupota chingwe chokaonetsa. Luzi lake ndinali nditasankha kale ndekha pa mitengo ya mombo yosapindika n'kuliviika kudambo. Chinatuluka chakuda, chosalala, cholimba, moti apongozi anga atachigwira anangopukusa mutu n'kunena kuti yewo.

Ndinayenda masiku awiri, chingwe chili paphewa, ndikuimba njira yonse. Ndinkapereka moni kwa aliyense, ngakhale amene sanandiyang'ane, ndipo ndinali nditayamba kale kuganiza za nsalu imene ndidzagulire NyaMoyo, yamaluwa ofiira.

Sitoloyo ndinaiona ndili patali, denga la malata likuthobwa m'maso. Inali ndi khonde lalitali, ndipo m'kati munali nsalu zopachikapachika, makasu, mikanda, sopo, mchere wa m'matumba, zinthu zoti munthu wakumudzi ukalowa umaiwala chimene wadzera. Kuseri kunkachokera fungo lokoma limene ndinali ndisanalimvepo, ndipo ndinangoti ndi chakudya cha bwana. Ofuna ntchito tinalipo ngati khumi. Mlonda anatilamula kusiya katundu yense pachipata, choncho chingwe changa ndinachipachika pamtengo wa mpanda, ndikumuchenjeza kuti asachisiye ndi maso.

Pafupi nane panakhala munthu wina wofatsa, wochokera kumapiri a ku Luwawa. Anandifunsa monong'ona ngati ntchitoyi ndikuidziwa. Ndinamuuza kuti ndinabadwa nayo. Iye anaulula kuti sakuidziwa ngakhale pang'ono, wangobwera kudzayesa mwayi. Ndinamumvera chisoni kwambiri, moti ndinamugawira mtedza n'kumupatsa malangizo aulere. Ndinamuuza kuti chinsinsi cha ntchito imeneyi ndi malovu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anasuntha pang'ono.

Dzina langa litaitanidwa ndinalowa chifuwa chili patsogolo. M'chipindamo munali anthu atatu. Patebulo panakhala mzungu woyang'anira sitolo, nkhope yofiira, kaliwo ali kukamwa. Pambali pake panaima kalaliki womasulira, aChirwa, munthu wa jekete ngakhale kunkatentha. Pakona panakhala mdala wina wovala nsalu yoyera pachifuwa, manja ake ali mbuu mpaka m'zigongono. Anati ndi Ada Mhango, ndipo wolembedwa ntchitoyo adzakhala pansi pawo. (Kuyera kwa manjawo ndinayesa ndi njereza yopakira nyumba, ndipo ndinadabwa kuti mmisiri wa makoma aziyang'anira bwanji zingwe. Ndinangoti za azungu n'zosokonekera.)

"Kasi mukumanya kupanga chingwa?" anafunsa aChirwa.

"Chomene, bwana," ndinatero. "Ndinayamba ndili wamng'ono, ndikuweta mbuzi. Anandiphunzitsa ndi amalume."

AChirwa atamasulira, mzungu anachotsa kaliwo kukamwa n'kundiyang'ana mwachidwi. Anafuna kudziwa ngati amalume anaphunzira kumishoni. Ndinati ayi, anaphunzira kuthengo. Anafunsa kuti zopangira timazitenga kuti, popeza kuno n'zosowa. Ndinaseka. Ndinati sizisowa ayi, zili mbwee m'tchire monse, munthu amangofunika nkhwangwa ndi maso odziwa kusankha mtengo.

Apa mzungu anatsamira patebulo n'kupempha kuti ndifotokoze kapangidwe kake kuyambira poyamba. Imeneyo ndiyo nthawi imene ndinkaidikira. Ndinafotokoza kuti ukasenda, umakaviika m'matope a kudambo masiku anayi kuti chide bwino. Ukavuula umapuntha ndi chibonga pamwala. Pouma kwambiri umatafuna kaye kuti pafewe. Kenako umakhala pansi, kulavulira m'manja, n'kuyamba ntchito pantchafu.

Ndinaona kuti ine ndikulankhula mawu ambiri koma aChirwa akumasulira mawu ochepa, ndipo ankatsokomola pafupipafupi. (Ndinamva pambuyo pake kuti iwo anazindikira zonse pa funso lachiwiri. Koma ukalaliki ndi ntchito yosowetsa chocheza, ndipo sanafune kudzimana. Ndinawakhululukira atamwalira.) Ada Mhango anali atasiya kuphethira.

Mzungu anafunsa ngati changacho chimatuluka chofewa.

"Chofewa ayi, bwana," ndinayankha mokhumudwa pang'ono. "Changa ngakhale galu atafune tsiku lonse, amatha mano ndi iye."

Anafunsa kuti chimakhala masiku angati chisanaonongeke. Ndinati zaka zitatu, ngakhale chizigona pamvula, ndipo chiswe chimachilambalala. Anafunsanso kuti patsiku ndingapange zingati. Ndinati mikono makumi awiri, ndipo ndinatambasula manja kuti aone.

Mzunguyo anakanda mutu. Ndikuganiza kuti anayesa kuti kuno kuli mtundu wina wa buledi umene kwawo sanaumve, ndipo anafuna kuuona ndi maso. Analamula kuti tipite kuseri ndikaonetse ntchito ya manja anga. Pochoka m'chipindamo ndinatsinzinira diso munthu wa ku Luwawa uja, kumuuza kuti zatheka.

Kuseriko kunali kanyumba kotentha. M'katimo munali ng'anjo ya njerwa yooneka ngati chulu, ndi tebulo lalitali lopalidwa mpaka kuyera. Fungo lija linali kuchokera m'menemo. Ada Mhango anavundukula nsalu pa beseni, n'kudula chinthu choyera, chofewa, chotupa, n'kuchiika patsogolo panga mosafuna. Unali ufa wa tirigu wokandakanda, woyembekezera kulowa mu uvuni, koma ine sindinadziwe. Ndinachidina ndi chala, chinabwerera. Ndinachikoka, chinatamuka.

Pamenepo nzeru zanga zinandithandizanso. Masiku amenewo anthu ankatolera mpira wa m'nkhalango, utomoni wotamuka wa mitengo, n'kumagulitsa kwa azungu, ndipo ife tinkadabwa kuti amakachita nawo chiyani. Ndinati eya, chinsinsi chija ndi ichi. Amakauyeretsa kwawo n'kumapota zingwe. Ndinasangalala kuti ndine munthu woyamba m'mudzi mwathu kutulukira zimenezi, ndipo ndinkaona kuchedwa kuti ndikawauze.

Anandilozera beseni la madzi ndi sopo. Ndinathokoza n'kunena kuti ndasamba kale kumtsinje. Tebulo lija ndinalikankhira pambali, chifukwa chingwe sichipotedwa choimirira. Ndinakhala pansi, ndinatambasula mwendo wamanja, ndinakwinya nsalu mpaka m'mwamba. Ntchafu imeneyo inali itayenda masiku awiri m'fumbi la chilimwe, ndipo ubweya sinkasowa. Ndinalavulira m'manja kawiri, mwaulemu, n'kuyamba.

Ndinene zoona, poyamba zinayenda bwino. Ndinagawa pawiri, ndinakunkhuniza mbali iliyonse pantchafu mpaka inatalika, kenako ndinayamba kupota. Chinthucho chinasintha mtundu, kuchoka poyera kufika pofiirira, ndipo ndinaona kuti n'chizindikiro chabwino. Ofuna ntchito anzanga anali atadzaza pakhomo ndi pazenera, ndipo panalibe wotsokomola. Ndinayesa kuti agoma. Ndinayamba ngakhale kuimba kanyimbo kamene ndimaimba ndikamapota.

Nditafika mkono umodzi ndinaimirira kuti ndiyese kulimba kwake. Ndinaponda mbali ina ndi chala chachikulu cha kuphazi n'kukoka. Chinaduka. Ndinalumikiza ndi malovu, ndinakokanso, chinadukanso, ndipo chidutswa china chinakamatirira pa jekete ya aChirwa.

Apa mtima unandipweteka, chifukwa mbiri yanga inali pangozi pa chifukwa cha zipangizo za eni. Ndinauza aChirwa kuti amuuze bwana, mosabisa, kuti amene anamugulitsa katundu ameneyu anamubera. Izi sizingamange ngakhale nkhuku. Ndinawapempha kuti adikire pang'ono aone ntchito yeniyeni. Ndinathamangira kuchipata, ufa uli lendelende pantchafu, ndinatsomphola chingwe changa pampanda, n'kubwera kudzachiponya patebulo loyera lija.

"Chingwe ndi ichi, bwana," ndinatero, ndikupuma mwamphamvu.

Ada Mhango anayang'ana chingwecho, anayang'ana ufa umene unali pansi, anayang'ana ntchafu yanga. Kenako anapita pa shelefu pang'onopang'ono, anatenga chinthu chofiirira chonunkhira, n'kuchiika pambali pa chingwe changa.

"Chingwa ni ichi," anatero.

Ananyema kachidutswa n'kuika m'kamwa, n'kumatafuna akundiyang'ana m'maso.

Sindidziwa amene anayamba kuseka. Ndikukumbukira kuti aChirwa anagwira khoma, mlonda anakhala pansi, ndipo mzungu atamvetsa nkhani yonse anaseka mpaka kaliwo anagwa n'kusweka. Ine ndinangoima, kukamwa kuli yasa. Zonse zimene ndinanena m'chipinda muja zinayamba kubwerera m'mutu chimodzichimodzi: matope, kutafuna, galu, zaka zitatu. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.

Amene sanaseke anali Ada Mhango. Ananena motsitsa mawu kuti ufa umenewo unayenda pa sitima, kenako pamitu pa anthu kuchokera kunyanja, kukwera mapiri onse aja, kuti udzathere pamwendo panga. Mzungu, akupukuta misozi, anati mwina munthu wa manja amphamvu chotere angathe kuphunzira kukanda ufa. Mtima wanga unadzukanso. Koma Ada Mhango anakana. Anati nkhaniyi ifika msika wonse dzuwa lisanapendeke, ndipo palibe adzagule buledi akadziwa kuti wa malovu uja ali m'khitchini.

Pamenepo kuseka kwa anthu sindinakumvenso. Ndinaona msewu wa ku Halale, ndinaona NyaMoyo. Ndinagwada pa ufa womwewo n'kuomba m'manja.

"Ada, ndapota nanu. Mkazi wanga ndi woyembekezera. Ndapota."

"Taona kuti mwapota," anatero aChirwa, ndipo anthu anayambiranso.

Ada Mhango anandidzutsa ndi dzanja lawo loyera lija, osati mwaukali. Kenako anaitana munthu wa ku Luwawa uja n'kumufunsa funso lomwe lija, ngati amadziwa kupanga chingwa. Iye anayang'ana pansi n'kunena kuti sadziwa, ndipo anafunsa ngati angamuonetse. Anamulemba pomwepo. Ndipamene ndinamva kuti sankafuna katswiri n'komwe. Ankafuna munthu wotunga madzi, wowaza nkhuni za mu uvuni ndi wotsuka mabeseni, woti aziphunzira pang'onopang'ono. Ntchito imeneyo ndikanaitha ndi dzanja limodzi.

Mzungu anapempha chingwe chija kuti akaonetse anzake, n'kundipatsa buledi mmodzi. Pobwerera sindinaimbe. Nditafika pamtsinje ndinatsuka mwendo, ndinanyema kachidutswa n'kulawa. Ndinkafuna kuti akhale woipa, koma anali wokoma kwambiri, ndipo zimenezo zinandiwawa koposa.

NyaMoyo anandichingamira panjira ya kudimba. Anaona buledi m'manja mwanga, anaona kuti chingwe palibe, ndipo nkhope yake inawala. Ndinamukhazika pachitsa n'kumufotokozera zonse. Nditangotchula mawu a mesenjala monga anawanenera, anagwira pakamwa. Nditafika pa ntchafu anaseka mpaka ndinaopa kuti mwana abadwira pomwepo. Anaseka misozi ikutsika, ndipo patapita nthawi ndinazindikira kuti kuseka kwatha, yatsala misozi yokha. Ndinakhala pambali pake. Tinadya buledi uja pachitsa pomwepo.

Anzanga a ku Halale anandilandiranso m'gulu popanda vuto, kungoti njira yonse ankandipempha kuti ndiwaphikire chingwe. Tinanyamuka udzu utayamba kupsa. Za kumeneko ndi nkhani ina, ndipo si yoseketsa.

Ndinabwerera patatha zaka ziwiri ndi miyezi. Nditalowa m'mudzi ndinaona kamnyamata kakuthamangitsa nkhuku pabwalo panga, mphumi ngati yanga, miyendo ya matewe ngati yanga. Ndinaponya katundu pansi n'kutambasula manja. Kanaima, kanandiyang'ana, kenako kanathawira kuseri kwa amake n'kumalira kuti kwabwera munthu. Pa zonse zimene ndakambazi, chimenechi chokha ndicho sindinathe kuchiseka mpaka lero.

Tili pamphasa, mwana akundisuzumira patali, ndinafunsa dzina lake. Anati agogo ake anamutcha Fumbani. (Amati anatcha ndi agogo ake, koma ndikudziwa amene anawanong'oneza.) Ndinagwedeza mutu n'kunena kuti ndi dzina labwino chomene. Apongozi anafunsa ngati ndikudziwa tanthauzo lake. Ndinati ndikudziwa, ndingalephere bwanji. Kwathu kufumba ndi kukumba pansi monga ichitira nkhumba, choncho ndinafotokozera anthu onse amene anali pamenepo kuti mwanayu adzakhala mlimi wamphamvu.

NyaMoyo anadikira mpaka alendo atabalalika. Anabweretsa mwana n'kumukhazika pamiyendo panga, ndipo ulendo uno sanathawe.

"Inu," anatero, "Fumbani ndiye kuti funsani."